NYUMBA IMENE MKUWA UDAMANGA: MBIRI YA FINDECO HOUSE YA KU LUSAKA

Munthu wochokera ku Lilongwe pa basi, kudzera ku Mchinji ndi ku Chipata, amayenda makilomita pafupifupi 700 asanalowe mumzinda wa Lusaka, likulu la dziko la Zambia. Akatsika pamalo okwerera mabasi nakweza maso kutsidya kwa njanji, amaona nyumba imodzi itaima njo kumapeto kwa msewu wa Cairo Road, kuposa zinzake zonse zoizungulira. Dzina lake ndi Findeco House. Ili ndi nsanjika 23, ndipo msinkhu wake ndi mamita 90. Kwa zaka zambiri padalibe nyumba ina m'dziko lonse la Zambia yoiposa kutalika.

Mamita 90 ndi mawu chabe kwa munthu amene sadaionepo. Tsono tiyeni tiyese ndi zinthu zodziwika. Mwana wa kwa Mbungo pa chilumba cha Likoma amaidziwa milambe ikuluikulu ya kwawoko. Kuti afike pa denga la Findeco ayenera kusanjikiza milambe yotere inayi, umodzi pamwamba pa unzake. Amachidziwanso tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene m'litali mwake ndi pafupifupi mamita 100. Tchalitchi chimenecho chikadaimikidwa chilili, khomo pansi ndi guwa kumwamba, chikadangoiposa Findeco pang'ono chabe.

Nyumba yotere simera yokha ngati bowa. Pali anthu amene adaifuna, pali chuma chimene chidailipira, palinso chiyembekezo chimene chidaikweza. Koma chodabwitsa ndi ichi: bungwe limene nyumbayi idatengako dzina lidatha kalekale, dziko limene lidatumiza akatswiri olemba mapulani ake lidagawanika, ndipo silipezekanso pa mapu, chipani chimene chinkalamula pamene inkamangidwa chidatuluka m'boma. Nyumbayo ndiyo ikadalipo, ndipo tsiku ndi tsiku ifuna magetsi, madzi ndi anthu oisamala. Mbiri yake ndi yoyenera kuti makolo ndi achinyamata aimve, pakuti ikunena za chinthu chimene banja lililonse limakumana nacho, ndicho kusiyana kwa kumanga ndi kusunga.

Mudzi usanduka mzinda

Pamalo pamene pali Lusaka lero padali midzi ndi minda chabe. M'chaka cha 1905 njanji yochokera kum'mwera, yolunjika ku mgodi wa ku Broken Hill kumene lero timati Kabwe, idafika pamalopo, ndipo omanga njanjiyo adaikapo popatukira sitima. Adapatcha dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, a Lusaaka. Pang'ono ndi pang'ono padabwera alimi achizungu ndi amalonda, namanga timasitolo ta njerwa ndi malata motsata njanjiyo. Msewu wodutsa pakhomo pa masitolowo ndiwo udatchedwa Cairo Road, kukumbutsa maloto a Cecil Rhodes ofuna njira imodzi yochoka ku Cape Town kukafika ku Cairo.

M'chaka cha 1935 boma la atsamunda lidasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, popeza Lusaka ali chapakati pa dzikolo ndiponso pamalo okwera, pozizira bwino. Ntchito zitachuluka, anthu adakhamukira kumeneko, ndipo ambiri a iwo adali ochokera kuchigawo cha kum'mawa ndi ku Nyasaland. N'chifukwa chake Chinyanja chidasanduka chilankhulo cha m'misika ndi m'misewu ya mzindawo kufikira lero lino. Ophunzira a m'masukulu a mishoni a ku Likoma, ku Bandawe ndi ku Livingstonia nawonso adapezeka m'dzikolo, ena makalaliki, ena aphunzitsi, ena othandiza madokotala.

Ngakhale zidali tero, Lusaka adakhalabe mzinda wa nyumba zazifupi. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, gawo lalikulu la msonkho wa mkuwa wa ku Northern Rhodesia linkapita ku Salisbury, ndipo nyumba zazitali zinkamera kumeneko. Anthu a ku Zambia sadaiwale chimenechi.

Nzeru ya kumanga mokweza

Tisanapitirire ndi nkhani ya Lusaka, tiyeni tione kumene nyumba zamtundu umenewu zidachokera. Kuyambira kale anthu ankamanga nsanja zazitali, koma nyumba yaitali yogwiriramo ntchito tsiku ndi tsiku ndi chinthu cha posachedwapa. Mmisiri aliyense wa njerwa amadziwa chifukwa chake. Khoma la njerwa limasenza kulemera kwa zonse za pamwamba pake. Likatalika liyenera kunenepa kunsi, kufikira chipinda cha pansi chisanduka phanga lopanda malo ndi kuwala. Ndiponso ndani angalole kukwera makwerero nsanjika khumi m'mawa uliwonse?

Zinthu zitatu zidachotsa mavuto amenewa. Choyamba ndi chikepe chosagwa. M'chaka cha 1854, mumzinda wa New York, Elisha Otis adaima pa chikepe pamaso pa khamu la anthu nalamula kuti chingwe chidulidwe. Chikepecho sichidagwe, pakuti adachiikira zitsulo zimene zimaluma m'mbali chingwe chikaduka. Chachiwiri ndi mafupa a chitsulo. M'chaka cha 1885 ku Chicago adamaliza nyumba ya nsanjika 10 yotchedwa Home Insurance Building, imene kulemera kwake kudasenzedwa makamaka ndi mizati ndi mitanda ya chitsulo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya nyumba yathu ya mitengo yophoma ndi dothi: mizati ndiyo imasenza denga, dothi limangotchinga mphepo. Chachitatu ndi konkire yokhala ndi zitsulo m'kati mwake, imene mmisiri angaiumbe monga afunira, ndipo ikauma imalimba ngati thanthwe.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, akatswiri ena a ku Ulaya adayamba kuphunzitsa kuti nyumba yamakono isabise mmene idamangidwira. Walter Gropius, amene adatsegula sukulu ya Bauhaus ku Germany m'chaka cha 1919, ndi Le Corbusier wa ku France ndiwo adatchuka ndi maganizo amenewa. Iwo ankakana zokongoletsa zomata pa makoma. Ankafuna mizere yowongoka, mawindo aakulu, ndi kuti konkire, chitsulo ndi galasi zioneke monga zilili. Itatha nkhondo yachiwiri, kamangidwe kameneka kadafalikira m'mizinda ya dziko lonse.

Mu Africa kadafika nthawi imodzi ndi ufulu. Ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, adamaliza Cocoa House m'chaka cha 1965 ndi ndalama za alimi a koko. Ku Nairobi adatsegula Kenyatta Conference Centre m'chaka cha 1973, chaka chomwechonso chimene ku Johannesburg adamaliza Carlton Centre ya nsanjika 50. Kwa dziko limene langomasuka kumene, nyumba yaitali idali ngati mbendera yachiwiri. Idali kuuza alendo ndi eni dziko omwe kuti anthu ano sali m'mbuyo mwa wina aliyense.

Ufulu ndi mkuwa

Zambia adalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, pansi pa utsogoleri wa Dr. Kenneth Kaunda. Ife Amalawi sitimuona mtsogoleriyu ngati mlendo, pakuti bambo wake, a David Kaunda, adali a ku Nyasaland, ophunzira ku Livingstonia, amene adatumidwa kukayamba ntchito ya mishoni ku Chinsali. Dziko latsopanolo lidali ndi chuma chochuluka m'nthaka, koma anthu ophunzira adali ochepa kwambiri: omaliza maphunziro a ku yunivesite adali pafupifupi 100 okha m'dziko lonselo. Mkuwa unkabweretsa ndalama zoposa 90 pa ndalama 100 zilizonse zimene dzikolo linkapeza pogulitsa katundu kunja. Cha m'ma 1969 migodi inkatulutsa matani oposa 700,000 pa chaka, ndipo mtengo wake pa msika wa ku London udali wabwino.

Koma migodi, mabanki, mafakitale ndi masitolo aakulu zidali m'manja mwa makampani akunja. Boma lidaganiza zosintha zimenezi. Mu Epulo 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Dr. Kaunda adalengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani aakulu oposa 20, ndipo lidawaika pansi pa bungwe la Indeco. Mu Ogasiti 1969, ku Matero mumzinda wa Lusaka, adalengeza zomwezo pa migodi ya Anglo American ndi Roan Selection Trust, ndipo padabadwa bungwe la Mindeco. M'chaka cha 1970 boma lidaloza chala ku ntchito za ndalama. Makampani a inshuwalansi ndi mabungwe obwereketsa ndalama zomangira nyumba adalowa m'manja mwa boma, pansi pa bungwe lachitatu lotchedwa Findeco. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Finance and Development Corporation, ndiko kunena bungwe loona za ndalama ndi chitukuko. Mabanki aakulu akunja, monga Barclays ndi Standard, ndiwo adatsala m'manja mwa eni ake. Pamwamba pa mabungwe atatuwo padaikidwa kholo lawo, lotchedwa Zimco.

Bungwe losunga chuma cha mtundu lidayenera kukhala ndi nyumba yolingana ndi udindo wake. Malo adapezeka kum'mwera kwa Cairo Road, pamene msewuwo ukumana ndi Independence Avenue, pafupi ndi mphambano ya msewu wopita ku Kafue. Aliyense wolowa mumzinda kuchokera kum'mwera, kapena wotsika kuchokera ku maofesi a boma, adayenera kuiona.

Abwenzi ochokera ku Yugoslavia

Mapulani a nyumbayi adalembedwa ndi akatswiri awiri a ku Yugoslavia, Dušan Milenković ndi Branimir Ganović. Wina angafunse kuti, kodi dziko la kum'mawa kwa Ulaya lidafika bwanji ku Cairo Road? Yankho lili m'ndale za masiku amenewo. Dziko lapansi lidagawika pawiri, ena kumbali ya America, ena kumbali ya Soviet Union. Mtsogoleri wa Yugoslavia, Josip Broz Tito, adali mmodzi wa oyambitsa gulu la maiko osafuna kutsamira mbali iliyonse, ndipo msonkhano woyamba wa gululo udachitikira ku Belgrade m'chaka cha 1961. Dr. Kaunda ndi Tito adali paubwenzi waukulu.

Mu Sepitembala 1970 msonkhano wachitatu wa gulu limeneli udachitikira ku Lusaka. Mzindawo udalibe nyumba yokwana alendo otere, ndipo kampani ya ku Belgrade yotchedwa Energoprojekt idamanga holo ya Mulungushi m'miyezi yowerengeka chabe. Kampani yomweyo idagwira ntchito yaikulu pomanga malo opangira magetsi a pa Kafue Gorge. Kotero pamene Findeco inkafuna olemba mapulani, amisiri a ku Yugoslavia adali odziwika kale m'dzikolo, ndipo ntchito za manja awo zinkaoneka ndi maso.

Nyumba imene adalemba imamangika ngati mtengo. Pakati pake pali thunthu lalikulu la konkire, lochoka pa maziko kukafika pamwamba. M'nyumba zamtundu umenewu thunthulo ndilo limasunga zikepe, makwerero, mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi. Nsanjika za maofesi zimatuluka m'thunthumo ngati nthambi, ndipo n'chifukwa chake nyumbayi imaoneka yopyapyala chakunsi ndi yotakata chakumtunda. Woiyang'ana koyamba amachita mantha, naganiza kuti mphepo ya mwera ingaigwetse. Koma mphamvu yake siili m'makoma akunja ayi. Ili m'thunthu losaonekalo ndi m'maziko a pansi pa nthaka. Zaka zoposa 40 zapita, ndipo masamu a akatswiri aja sadaname.

Nyumba ikukwera, mtengo wa mkuwa ukutsika

Findeco House idamalizidwa m'zaka za m'ma 1970. Koma dziko limene lidailandira silidali lofanana ndi dziko limene lidailota. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia lidatseka malire ake ndi Zambia, ndipo mkuwa udayenera kufuna njira zina zazitali ndi zodula zopitira ku nyanja yamchere. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mtengo wa mafuta udakwera koopsa pa dziko lonse. Maiko a mafakitale atayamba kugula mkuwa wochepa, mtengo wake, umene udafika pamwamba kwambiri mu Epulo 1974, udagwa kuposa theka m'miyezi yosakwana khumi ndi iwiri. M'chaka cha 1975 nkhondo ya ku Angola idatseka njanji ya ku Benguela. Njanji ya Tazara yopita ku Dar es Salaam, ya makilomita 1,860, imene idamangidwa ndi thandizo la China, idamalizidwa chaka chomwecho, koma siidathe kukweza mtengo wa mkuwa ku London.

Atsogoleri adakhulupirira kuti vutolo ndi la kanthawi, ndipo adakongola ndalama kunja poyembekeza kuti mtengo ukwera posachedwa. Udachedwa kukwera. Pofika chaka cha 1990 ngongole ya Zambia kunja idali pafupifupi madola 7 biliyoni. M'zaka za m'ma 1980 amayi ankaima pa mizere yaitali kudikira sopo, shuga ndi mafuta ophikira, pansi pa mthunzi wa nyumba zazitali zomwezo za pa Cairo Road. Mtengo wa ufa utakwezedwa, padabuka zipolowe ku migodi mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990, ndipo anthu ena adataya miyoyo.

Sitikunena kuti nyumba imodzi ndiyo idasaukitsa dziko ayi. Ndalama za mkuwa zidamanganso masukulu, zipatala, misewu ndi yunivesite imene idatsegulidwa m'chaka cha 1966, ndipo ana a anthu osauka ambirimbiri adaphunzira nazo. Chimene tikuona ndi chakuti zonsezo zidatsamira pa mzati umodzi. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu ndi msodzi wa usipa wa ku Likoma amadziwa bwino mmene zimakhalira pakhomo podalira chinthu chimodzi, chimene mtengo wake amaika ndi anthu ena akutali.

Zimene nyumba yaitali imadya

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna nyumba ya nsanjika 23 wafunanso zonse zimene nyumbayo imadya, pakuti nyumba yotere ndi makina, si makoma chabe.

Taganizani za chikepe. Ngati sitepe lililonse la makwerero ndi masentimita 18, kukwera mamita 90 ndi masitepe 500. Mnyamata wamphamvu angayese kamodzi, koma mayi wapakati, gogo wodzafunsa za penshoni yake, kapena mthenga wonyamula makalata kasanu pa tsiku sangathe. Chikepe chikaima, nsanjika za pamwamba, zimene zidali zaulemu koposa, zimasanduka zosafunika koposa. Ndipo chikepe chili ndi zingwe, mabuleki ndi injini zimene zimatha, ndipo zambiri za izo ziyenera kugulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Dziko likasowa ndalama zoterozo, kachitsulo kakang'ono kokwana m'thumba kangathe kuimitsa nyumba yonse.

Taganizaninso za madzi. Madzi a mumpope wa mumzinda sangakwere okha kufika pamwamba potero. Afuna mapampu owakankhira m'mathanki. Popanda madziwo zimbudzi za nsanjika zonse zimatsekeka tsiku limodzi, ndipo amene adasenzapo ndowa ya malita 20 kuchokera ku nyanja angayerekeze kulemera kwake pa makwerero 500. Moto ukabuka pamwamba, makwerero a galimoto zozimitsa moto safikako. Nyumbayo iyenera kukhala ndi mipope ndi mathanki akeake, oyesedwa nthawi ndi nthawi. Denga liyenera kumatidwa lisanayambe kudontha, pakuti madzi akalowa m'konkire zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri, zimatupa, ndi kung'amba konkireyo.

Zonsezi zimadalira magetsi. Zambia amapeza magetsi ake ambiri kuchokera ku madzi a ku Kariba ndi a mtsinje wa Kafue. M'zaka za chilala, monga 2015, 2019 ndi 2024, madzi adatsika ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Nyumba ya pansi magetsi akazima anthu amatsegula mawindo napitiriza ntchito. Nyumba yaitali iyenera kuyatsa jenereta ndi kumwa dizilo, apo ayi isanduka phiri.

Mzinda usamuka

Pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 chipani cha UNIP chidagonja, ndipo a Frederick Chiluba a chipani cha MMD adalowa m'boma. Boma latsopano lidayamba kugulitsa makampani a boma. Bungwe la Findeco lidali litamezedwa kale ndi kholo lake Zimco, ndipo Zimco nayenso adathetsedwa m'chaka cha 1995. Migodi idagulitsidwa pofika chaka cha 2000, nthawi imene inkatulutsa mkuwa wosafika matani 300,000 pa chaka. Ku Ulayako, Tito adamwalira m'chaka cha 1980, ndipo kuyambira 1991 dziko la Yugoslavia lidagawanika ndi nkhondo yoopsa. Nyumba ya Findeco idakhala m'manja mwa National Housing Authority, bungwe la boma loona za nyumba, ndipo zipinda zake zidabwerekedwa kwa maofesi ndi amalonda osiyanasiyana. Pamwamba pake padakwezedwa zikwangwani zotsatsa malonda a makampani.

M'zaka zomwezo mtima wa mzinda udayamba kusuntha. M'chaka cha 1997 nyumba ina yaitali ya pa Cairo Road, Society House, idapsa ndi moto, ndipo idaima chigoba chokhachokha kwa zaka zoposa khumi pakati penipeni pa likulu la dziko. M'chaka cha 1999 adatsegula masitolo aakulu a Manda Hill pa msewu wa Great East Road, ndipo ena otere adatsatira. Mabanki ndi makampani ambiri adasamukira kum'mawa kwa njanji, ku nyumba zazifupi zokhala ndi malo oimikapo galimoto. Cairo Road idatsala ndi khamu la oyenda pansi, ma minibasi ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu.

Komabe nkhaniyi siithera pa chisoni. Society House idakonzedwa, ndipo m'chaka cha 2018 mudatsegulidwa hotela. Konkire ya zaka zija idapezeka kuti ikadali yolimba, yoyenera kuvekedwa chovala chatsopano. Ndiponso anthu ophunzira za kamangidwe, a mu Africa ndi a kunja komwe, ayamba kuziona nyumba za nthawi ya ufulu ngati chuma cha mbiri choyenera kusungidwa. Kwa anthu a ku Lusaka, Findeco ndi chizindikiro cha mzinda wawo. Polongosolera mlendo njira amatchula dzina lake, ngakhale ambiri a iwo adabadwa bungwe la dzinalo litatha kale.

Nanga kuno kwathu?

Malawi adayenda njira ina, pakuti analibe mkuwa. Pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ntchito imene bungwe la Capital City Development Corporation lidayamba m'chaka cha 1968 ndipo likululo lidasamuka m'chaka cha 1975, olemba mapulani adamwaza mzinda pakati pa mitengo, ndipo maofesi a boma a ku Capital Hill adamangidwa a nsanjika zochepa. Ku City Centre kuli nyumba za kamangidwe kamakono komweko, monga likulu la Reserve Bank limene bankiyo idasamukiramo m'chaka cha 1981, Gemini House ndi Kang'ombe House, ndipo ku Blantyre kuli Delamere House ndi Chayamba Building. Zonsezi ndi zazifupi poyerekeza ndi Findeco, koma nazonso zili ndi zikepe, mapampu ndi madenga, ndipo funso lake ndi lomwelo: adzazisamala ndani, ndipo ndi ndalama ziti?

Anthu a ku Likoma ali ndi mayankho awiri pakhomo pawo. Tchalitchi cha St Peter's, chimene maziko ake adaikidwa m'chaka cha 1903 ndipo chidapatulidwa m'chaka cha 1911, chaima zaka zoposa 110 pa chilumba chopanda mgodi ngakhale umodzi. Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951, yatumikira zaka zoposa 70. Palibe chimodzi mwa ziwirizi chimene chidakhalitsa mwa mwayi. Mibadwo ya anthu yakhala ikusesa, kumata ming'alu, kusintha malata, kupala dzimbiri, kupaka utoto ndi kukonza injini. Maina a anthu amenewo salembedwa pa mwala wa maziko.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Inu makolo, mbiri ya Findeco ndi mbiri ya chaka chimene nsomba zidagwidwa zambiri, kapena fodya adagulidwa bwino, kapena mwana wa ku Joni adatumiza ndalama zochuluka. M'chaka chotero mtima umafuna nyumba yaikulu yoti mudzi wonse uione, ndipo kufuna kumeneko si tchimo. Koma musanakumbe maziko, khalani pansi ndi banja lanu muwerenge zinthu ziwiri: mtengo womangira, ndi mtengo wosungira chaka ndi chaka, makamaka m'chaka chimene ukonde udzabwera wopanda kanthu. M'midzi ndi m'matauni athu muli nyumba zambiri zoimira pa mawindo, udzu utamera m'zipinda, chifukwa mwini wake adawerenga ndi mtengo wa chaka chabwino chokha. Ndiponso pakhomo pasadalire chinthu chimodzi. Pali bwato pakhalenso munda wa chinangwa, mbuzi zingapo, ndi mwana wa pa sukulu.

Inu anyamata ndi atsikana, ambiri a inu mumalakalaka kudzakhala pa desiki m'nsanjika ya pamwamba. Nkwabwino. Koma dziwani kuti wokhala pa desikiyo sangafikeko popanda wokonza chikepe, sangamwe madzi popanda wa mipope, sangayatse kompyuta popanda wa magetsi. Zambia adaitana olemba mapulani kuchokera ku Belgrade chifukwa pa nthawiyo ana ake ophunzira ntchito zimenezi adali ochepa. Mizinda yathu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ikukula, malo akuchepa, ndipo nyumba zosanja zichulukirachulukira. Masamu ndi sayansi zimene mukuphunzira lero, ndi ntchito za manja zimene amaphunzitsa m'masukulu a luso monga a ku Soche, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndizo zidzasankha ngati nyumbazo zidzasamalidwa ndi inu kapena zidzadikira mlendo wochokera kutali. Musachite manyazi ndi ovololo ndi sipanala.

Tsono mukadzafika ku Lusaka, imani pa mphambano ya Cairo Road ndi Independence Avenue, muiyang'ane nyumbayo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Muwakumbukire anthu a ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, pakati pawo Amalawi ambiri, amene thukuta lawo lidatulutsa mkuwa wa zaka zija. Ndipo mukalowa m'kati, mupereke moni waulemu kwa mlonda, kwa wosesa ndi kwa mmisiri wa chikepe, pakuti nyumbayo yatsegula zitseko zake m'mawa umenewo chifukwa iwo adabwera ku ntchito.